Mmene mungalembere lipoti la magetsi ndi mafuta a pakampani kuno ku Chigwa cha Shire

Masiku ano kampani ikangokhala ya zimakina zodya magetsi, kaya ndi fakitale ya shuga, ya ethanol, jinale ya thonje, chigayo chachikulu cha mpunga olo sikimu yopopa madzi mu Shire, tsiku lina imalandira fomu yofunsa kuti chaka chathachi mwagwiritsa ntchito mphamvu zochuluka bwanji. Ofunsa amasiyanasiyana, pena ndi a banki amene mukukapemphako ngongole, pena ogula katundu akunja, pena eni kampani ali ku Johannesburg kapena ku London uko, nde fomuyo imakagwera munthu mmodzi mu ofesi, kawirikawiri wa ku akaunti kapena injiniya wachinyamata, bwana n'kungoti pofika Lachisanu ikhale pa tebulo panga. Ndikulembera munthu ameneyo. Ndipo ndineneretu kuti kutenga mabilu a ESCOM a miyezi 12 n'kuphatikiza si lipoti ayi, kuno kwathu magetsi a ESCOM ndi gawo limodzi chabe, pali dizilo wa jenereta, wa mathirakitala ndi malole, pali zoyaka mu boyila, ndipo chilichonse chimafuna kope lake lolembedwa mwezi ndi mwezi, zongokumbukira chaka chitatha zija ndi zomwe zimachititsa manyazi pamaso pa maoditala.

Choyamba dulani malire. Khalani pansi ndi bwana wamkulu komanso injiniya mugwirizane kuti kampaniyi ikuthera pati. Zimamveka ngati zachibwana koma manambala ambiri amasokonekera pomwepa. Pa maesiteti kuno nyumba za antchito, kiliniki, sukulu, kalabu, zonse zimatha kudya pa laini imodzi ndi fakitale, nde mukuziwerengera kapena ayi? Nanga malole a kontilakitala amene amatuta nzimbe koma dizilo amamwa pa thanki yanu? Nanga alimi a makopaletivi ngati aku Kasinthula kapena Phata, amene nzimbe amagulitsa ku fakitale koma minda ndi mapampu ndi zawo? Ine ndimati chimene mumayendetsa inuyo, chimene mungalamule kuti chiyatsidwe kapena chizimitsidwe, chimenecho chili mkati. Cha mwini wake chili panja, mungochitchula padera. Gwirizananinso kuti chaka chanu chikuyamba liti, Januwale mpaka Disembala kapena chaka cha zachuma cha kampani, chifukwa ntchito za kuno ndi za nyengo, nzimbe zimagayidwa miyezi yachilimwe, thonje ndi mpunga zili ndi nthawi yake, ukangosuntha miyezi iwiri manambala onse asintha nkhope. Zimenezi zilembedwe pa pepala limodzi, bwana asayine, ndipo chaka chamawa musasinthe mwakachetechete.

Kenako valani gambuti muyende. Kope m'manja, lembani chilichonse chodya magetsi kapena mafuta: mita iliyonse ya ESCOM ndi nambala yake, jenereta iliyonse, thanki iliyonse, boyila, masola ngati alipo, gasi wa ku wekishopu ndi ku khitchini. Musadalire mndandanda wa mu ofesi, kumtsinje kumapezeka pampu ina yomwe inaikidwa nthawi ya chilala ndipo ili ndi mita yakeyake, bilu yake imalipiridwa pansi pa dzina lina.

Tsopano mita, apa ndichedwapo pang'ono. Sankhani tsiku limodzi pa mwezi, tinene tsiku loyamba nthawi ya 7 koloko m'mawa, ndipo munthu yemweyo kapena womulowa m'malo aziwerenga mita zonse tsiku limenelo, olo likhale Lamlungu. Asamangolemba nambala, azijambula ndi foni, chithunzi chionetse nambala ya mita ndi manambala a pa sikirini, n'kutumiza pa gulu la WhatsApp la zimenezi zokha, musasakanize ndi mauthenga a maliro ndi mpira. Mita za makampani zimasinthasintha zoonetsa, ukadina batani imakuonetsa zina, nde wowerengayo adziwe kuti akufuna zitatu: ma kWh amene ndi mayunitsi aja, ma kVA okwera kwambiri a mwezi umenewo, omwe amaonetsa kuchuluka kwa magetsi amene munakoka nthawi imodzi, ndi power factor, nambala yoonetsa gawo la magetsi okokedwawo lomwe likugwiradi ntchito.

Msampha uli pa CT. Magetsi a mapampu akuluakulu ndi ochuluka moti sadutsa onse mu mita, amadutsa pa timatransifoma ting'onoting'ono totchedwa CT, mita imangoona kagawo. Pa CT pamalembedwa mwina 200/5, ndiye kuti nambala ya pa mita muichulukitse ndi 40. Tiyerekeze mwezi watha mita imati 4,210 ndipo lero ikuti 4,730, kusiyana kwake ndi 520, koma mayunitsi enieni ndi 520 kuchulukitsa ndi 40, ndiye 20,800 kWh. Mita zina anazitchera kale moti zimaonetsa nambala yochulukitsa kale, mukachulukitsanso mwapanga chinyumba cha nambala chomwe kulibe. Njira yodziwira ndi yosavuta, tengani bilu ya mwezi womwewo muyerekeze, ngati zikuyandikana muli bho, ngati zikusiyana maulendo 40 mwadziwa pomwe pali vuto. Ndipo bilu ikalembedwa kuti nambala yake ndi yongoyerekeza, osati yowerengedwa pa mita, ikani chizindikiro mu kope, mwezi wotsatira idzakonzedwa ndipo mukapanda kusamala mwezi umodzi udzaoneka wonenepa wina wowonda popanda chifukwa.

Ma kVA aja salowa mu chiwerengero cha mphamvu zomwe mwagwiritsa ntchito, koma alembeni ndithu poti ndi ndalama. Makasitomala akuluakulu amalipiranso malinga ndi nthawi imene anakoka magetsi ochuluka zedi mu mweziwo, nde magetsi akangobwerera pambuyo pa kuzima, opaleta n'kuyatsa mapampu onse nthawi imodzi pofuna kubweza madzi omwe anatayika, mita imasunga nambala imeneyo ndipo mwezi wonse mulipirira. Power factor ikatsika, zomwe zimachitika kwambiri pamene pali mamota ambiri, ma kVA amakweranso, mankhwala ake ndi ma capacitor, ndipo kutentha kwa kuno kumawapha msanga, pitani mukaone ngati akugwirabe ntchito kapena angotsala bokosi. Ngati mita yaikulu ndi imodzi yodyetsa fakitale, mapampu ndi nyumba, pemphani ndalama zogulira timita tating'ono pa laini iliyonse, popanda timeneti simudzadziwa kuti akudya kwambiri ndani.

Dizilo ndiye nkhani yovuta, osati chifukwa cha masamu koma chifukwa cha anthu. Dizilo amene mwagula si dizilo amene mwagwiritsa ntchito. Masamu ake ndi awa: amene anali mu thanki poyamba mwezi, kuphatikiza amene thankala yabweretsa, kuchotsa amene watsala pomaliza mwezi. Kuti mudziwe wotsala mumaviika ndodo ija ya dipi mu thanki n'kuwerenga pa tchati cha thankiyo, ndipo muziviika m'mamawa nthawi yofanana, chifukwa masana a Okutobala ku Nchalo kapena ku Ngabu, dzuwa litafika madigiri 40 ndi kupitirira, mafuta amafufuma ndipo pa thanki yaikulu ndodo imakunamizani ndi malita angapo. Musaviike thankala itangotsitsa kumene, dikirani akhazikike. Pambali pa zimenezi pakhale kope la pa pampu, galimoto iliyonse ikamwa alembe nambala yake, malita, makilomita kapena maola a injini, dalaivala asayine. Pomaliza mwezi yerekezani za ndodo ndi za mu kope. Zikasiyana pang'ono palibe nkhani, zikasiyana ndi madiramu ndiye kuti kwinakwake kuli zigubu zikutuluka usiku kapena thanki ikudontha pansi, ndipo musabise kusiyanako pokankhira malita ku jenereta kuti kope liyere, anthu amachita zimenezi kwambiri poti jenereta siyankhula.

Koma imayankhula, bola muilembere. Jenereta iliyonse ili ndi mita ya maola, zambiri zilinso ndi ya ma kWh. Lembani maola poyamba ndi pomaliza, malita omwe yamwa, ndi mayunitsi omwe yapanga. Jenereta yabwino yonyamula katundu woyenera imapereka ma kWh pafupifupi 3 kapena kuposera pang'ono pa lita imodzi. Yanu ikamapereka 2 kapena kucheperapo, mwina ndi yaikulu kwambiri moti ikungolira kuyatsa mababu a mu ofesi, mwina yatopa, mwinanso malita ena sanalowe mmenemo. Dizilo wa majenereta ndi wa magalimoto muwalembe mosiyana, ofunsa amafuna kuona zimenezo.

Amene muli ndi boyila, makamaka a shuga, mphamvu zanu zambiri sizili ku ESCOM kapena mu thanki, zili mu bagasi, zotsala za nzimbe zikafinyidwa zija. Fakitale ngati ya Illovo ku Nchalo imatentha bagasi kupanga stimu, stimuyo imaphika shuga komanso kuzunguza matabaini opanga magetsi. Bagasi kawirikawiri sakwera sikelo, amawerengedwa kuchokera pa nzimbe zomwe zagayidwa, ndipo tani imodzi ya nzimbe imasiya makilogalamu pafupifupi 300. Chinyezi chake chimakhala cha m'ma 50 peresenti ndipo pa chinyezi chimenecho tani imodzi imapereka ma GJ (gigajoule, muyeso wa mphamvu) pafupifupi 7.5, koma musangotenga nambala yangayi, a ku labu ya fakitale amayeza chinyezi tsiku ndi tsiku, tengani zawo poti bagasi wonyowa kwambiri amapereka moto wochepa. Mulu wotsala pomaliza sizoni muuchotsere, sunayake. Ngati mumaonjezera nkhuni kapena mankhusu a mpunga, chimodzimodzi, sikelo ndi chinyezi.

Chenjezo lomwe ndimabwereza mpaka anthu kutopa nane: musawerenge kawiri. Mukalemba dizilo wa jenereta musaphatikizenso magetsi omwe jeneretayo yapanga, mukalemba bagasi musaphatikizenso stimu ndi magetsi a tabaini, ndi mphamvu yomweyo yangosintha maonekedwe. Magetsi a sola yanu ndiwo mumawalemba monga atulukira pa inveta poti palibe mafuta omwe alowa. Ndipo ngati mwagulitsako magetsi kunja, amenewo muchotsere.

Mukatolera zonse, zisandutseni muyeso umodzi. Kuphatikiza malita, matani ndi ma kWh kuli ngati kuwerenga mbuzi ndi nkhuku pamodzi n'kumauza anthu kuti ndili ndi ziweto 20. Muyeso womwe mafomu ambiri amafuna ndi GJ, ena MWh (MWh imodzi ndi ma kWh 1,000). Sungani izi: kWh imodzi ndi 3.6 MJ, ma MJ 1,000 ndi GJ imodzi, lita ya dizilo ili ndi ma MJ pafupifupi 36. Tibwerere ku chitsanzo chathu chongopeka chija, tinene ndi chigayo cha mpunga. Magetsi 20,800 kWh kuchulukitsa ndi 3.6 zikutipatsa 74,880 MJ, ndiye 74.9 GJ. Jenereta yamwa malita 1,500, kuchulukitsa ndi 36 ndi 54,000 MJ, ndiye 54 GJ. Zonse pamodzi 128.9 GJ mwezi umenewo. Taonani chinthu apa, malita 1,500 aja mwina anangopanga ma kWh 4,500, omwe ndi ma GJ 16 okha, enawo anathera mu utsi ndi kutentha kwa injini, n'chifukwa chake mwezi wa mabulakauti ambiri lipoti limaoneka ngati mwagwira ntchito yambiri chonsecho mwagaya zochepa. Mu Excel manambala osinthirawa akhale pa tsamba lawolawo ndipo mulembe komwe mwawatenga, musawabise mkati mwa fomula, amene adzabwere pambuyo panu adzavutika.

Nambala ya 128.9 payokha sikuuza munthu kanthu. Igaweni ndi zomwe mwapanga. Ngati mwezi umenewo mwagaya matani 400, ndiye 0.32 GJ pa tani, imeneyi ndiyo nambala yoti bwana aziyang'ana mwezi ndi mwezi. A shuga amagawa ndi matani a nzimbe kapena a shuga, a ethanol ngati PressCane angagawe ndi malita, a sikimu agawe ma kWh a mapampu ndi madzi omwe apopa kapena mahekitala omwe athirira. Kwa opopa ndimakonda ya madzi, chifukwa pampu ikayamba kudyeka ndi mchenga wa mu Shire, kapena sefa ikatsekeka ndi namasupuni, mota imalira chimodzimodzi, bilu imabwera chimodzimodzi, koma madzi ofika kumunda achepa, ndipo izi zimangoonekera pa nambala yogawa ija. Sankhani chogawira chimodzi n'kukhala nacho, kusinthasintha chaka chilichonse kuti nambala ioneke yokongola maoditala amakudziwa.

Tsopano kufotokoza. Ofunsa amafuna zaka ziwiri kapena zitatu zoyandikana, ndi chaka chimodzi choyambira chomwe muziyerekezera nacho. Musasankhe 2022 ngati choyambira osaganiza. Mu Januwale chaka chimenecho namondwe Ana anaononga damu la Kapichira konkuno ku Chikwawa, siteshoni ya EGENCO yopanga pafupifupi 130 MW inaima mpaka 2023, dziko lonse linali mu kuzimazima ndipo aliyense wokhala ndi jenereta anamwetsa dizilo wosaneneka. Mukayerekezera ndi chaka chimenecho zaka zonse zotsatira mudzaoneka akatswiri osunga mafuta chonsecho simunachite kalikonse. Mu Malichi 2023 kunabweranso Freddy, minda kumira, mapampu kukwiririka, misewu kuduka. Zinthu ngati izi zilembedwe mu lipoti ndi mawu ochepa pansi pa tebulo, kuti dizilo anakwera chifukwa chakuti, zokolola zinatsika chifukwa chakuti. Chimodzimodzi kutsogoloku, ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yotenga madzi pa Kapichira cholinga chake ndi chakuti madzi aziyenda okha kutsetsereka popanda kupopa kuchokera mu mtsinje, nde amene mudzalumikizidwe magetsi anu a mapampu akadzatsika mudzanene chilungamo kuti ndi ngalande, musadzadzitame kuti ndi nzeru za manejimenti.

Polemba lipoti lenilenilo onani kaye kuti wofunsayo akutsata ndondomeko iti. Ambiri amatsata GRI 302 ya 2016, yomwe imafuna mphamvu zonse za mkati mwa kampani, zogawidwa pawiri, zosatha monga bagasi ndi sola, ndi zakutha monga dizilo, petulo ndi malasha, kenako magetsi ogula, ogulitsa, ndi nambala yogawa ndi zopangidwa ija. Ena amafunsa za utsi potsata GHG Protocol: Scope 1 ndi zomwe mwatentha nokha, Scope 2 ndi magetsi ogula, Scope 3 ndi za ena monga makontilakitala ndi alimi okugulitsani. Lita ya dizilo imatulutsa pafupifupi 2.68 kg ya CO2, nde malita 1,500 aja ndi matani 4. Utsi wa bagasi umalembedwa padera, suphatikizidwa ndi wa dizilo. Pa magetsi a ESCOM musakopere nambala ya ku South Africa yomwe mwaipeza pa intaneti, kumeneko amadalira malasha pomwe athu ambiri amachokera ku madzi a Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, funsani wofunsayo kuti akufuna mugwiritse nambala iti ya Malawi ndipo mulembe gwero lake. Makampani a pa msika wa masheya ndi omwe eni ake ali kunja mumvanso za IFRS S2, ndondomeko ya malipoti a za kusintha kwa nyengo yomwe inatuluka mu 2023, ndipo ISO 50001 ndi ya kayendetsedwe ka nkhani za mphamvu pakampani, sikuti ndi fomu ya lipoti, musalole munthu akugulitseni setifiketi ngati kuti ndi yomwe a banki apempha. Kope lanu likakhala loyera, mafomu onsewa amadzazidwa ndi manambala omwewo.

Padzakhala mipata, zimenezo musadandaule. Mita inapsa ndi mphenzi, msewu wa ku pampu unaduka mwezi wathunthu, kope linanyowa. Pamenepo yerekezani mwanzeru, mwachitsanzo mphamvu ya mota kuchulukitsa ndi maola omwe opaleta analemba, kapena mwezi womwewo wa chaka chatha, ndipo selo imeneyo muipake mtundu wina n'kulemba kuti iyi ndi yongoyerekeza, njira yake ndi iyi. Oditala sakwiya ndi nambala yoyerekeza yomwe mwaiulula, amakwiya ndi yomwe waitulukira yekha.

Musanatumize, wina amene sanalembe nawo aone. Wa akaunti atenge ma kWh ndi malita anu ayerekeze ndi ndalama zomwe zinalipiridwa, injiniya aone ngati manambala akugwirizana ndi kukula kwa makina, chifukwa mota ya 75 kW olo itayenda usana ndi usiku mwezi wa masiku 30 singadye kuposa ma kWh pafupifupi 54,000 kuphatikizapo pang'ono potayika, mukapeza 500,000 ndiye kuti CT ija yachulukitsidwa molakwika kapena ziro wina walowerera. Yang'ananinso ma koma (,) ndi madontho (.) a mu manambala, 1,500 ndi 1.500 pa kompyuta zina si chinthu chimodzi. Akavomereza onse, bwana wamkulu asayine tsamba loyamba.

Umboni wonse, mabilu, madelivale noti a thankala, makope a pa pampu, zotsatira za ku labu, zithunzi za mita, muuike mu fayilo imodzi mwezi ndi mwezi, ndipo musikane zonse n'kusunga kope lina pa intaneti kapena ku ofesi ya ku Blantyre. Mapepala enieniwo akhale pa shelefu ya pamwamba osati mu katoni pansi, madzi a Januwale kuno salemekeza ofesi, komanso malisiti ena a pa filing'i siteshoni amafufutika okha ndi kutentha pakangopita miyezi yochepa, amenewo ajambuleni tsiku lomwe afika.